Okumba Manda a Eneya

Aliness anakumana ndi Dave pa siteji ya njinga ku Jenala, nyengo yogula nandolo. Mtsikanayu ankagulitsa zitumbuwa pansi pa mtengo wa mango, foni ili pambali pa beseni ikuyimba nyimbo za Mabingu a Michesi. Dave anali venda wa nandolo. Anaimitsa njinga yake yamoto, napachika sikelo pa nthambi ya mtengo womwewo, nayamba kuyimba nawo.

Ndifotokoze kaye za nyimbozo. Mabingu a Michesi linali gulu la anyamata anayi a ku Chiringa, oyimba zimene ana amati roko. Magitala awo ankayendera batire ya galimoto, ndipo ankalira ngati chigayo chikaluma mwala. Woyimba wawo, Eneya Makina, ankavala zakuda zokhazokha, tsitsi osameta, ndipo akafika pakati pa nyimbo ankakuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Makolo ankaletsa ana kumvera. Nanenso ndinkaletsa, poopa kuti munthu wokuwa choncho ali ndi china chake m'thupi.

Koma ana ankamva? Chaka chimene madzi anatsika m'phiri ndi miyala, Eneya anayimba nyimbo yotchula midzi yonse imene inakokoloka, umodziumodzi. Kuyambira pamenepo ngakhale a kabaza ankaiyimba pokwera mtunda.

"Achemwali, nyimbo iyi mwaitenga kuti?" anafunsa Dave. "Atsikana a kuno amamvera za kwaya."

"Ndiye ine ndine mnyamata?"

"Ayi, ndinu mtsikana. Ndayang'ana kawiri."

"Yang'anani sikelo yanuyo. Anthu akuti imaba."

Dave anaseka. Anagula zitumbuwa zisanu, nadya chimodzi chokha.

"Ndili ndi nyimbo za Eneya zimene sizinatuluke," anatero. "Mundipatse nambala, ndikuponyereni."

Atsikana inu, nambala sapereka tsiku loyamba, makamaka kwa munthu wa njinga yamoto. Ameneyo amagona kutali, kumene mwendo wanu sungakafike kuti mukafunse za iye. Aliness anapereka.

Nyimbo zinabweradi, zisanu ndi imodzi. Zinali zojambulidwa pakhomo: pansi pa magitala pankamveka nkhuku, mtondo, ndi mawu a Eneya akuseka atalakwitsa.

"Mumazitenga kuti zimenezi?" Aliness anafunsa atakumananso.

"Eneya ndi mnzanga. Akamayeserera ndimakhalapo."

"Mudzanditenge tsiku lina ndikamuone."

"Kuti akakuyimbire nyimbo imodzi n'kundilanda? Ndine wopusa ine?"

Aliness anaseka, osafunsanso. Pamwezi umodzi "a Dave" anasanduka "Dave", ndipo foni inkalira m'mawa uliwonse asanakolezeko moto wa zitumbuwa.

"Duwa langa, ndadzuka ndi dzina lako pakamwa. Wagona bwanji?"

"Ali wanga, sikelo yanga imanyamula thumba lathunthu, koma nditapachikapo chikondi changa pa iwe ingaduke."

"Mami, Eneya amakuwira madzi. Ine ndimakuwira iwe."

Anamuuza kuti kwawo ndi ku Luchenza, makolo anatha kalekale, ndipo sanakwatirepo. Lonjezo lalikulu analinena atamugwira dzanja kuseri kwa mulu wa matumba: "Nandolo akangotha ndibwera kwa amalume ako. Ndidzamanga pakhomo panu, nyumba ya malata, zenera loyang'ana kuphiri."

Aliness anakauza amalume ake, a Jonasi, amene ankayang'anira mbumba yonse.

"Kwawo wakuonako?" anafunsa a Jonasi.

"Ayi, amalume."

"Mbale wake wamuonapo?"

"Adzabwera naye patsikulo."

A Jonasi anavomera. Anaika Loweruka lachiwiri la Okutobala kuti mnyamatayo adzaonekere. Analoza malo a nyumba kuseri kwa khola la mbuzi, natumiza mawu kwa abale mpaka kwa Chiwalo. Mudzi wonse unadziwa kuti Aliness wapeza mwamuna.

Lachiwiri m'mawa, kutatsala masiku anayi kuti Lowerukalo lifike, mafoni anayamba kulira paliponse. Lole imene inanyamula zida za Mabingu inagubuduzika pobwerera kuchokera ku Migowi. Eneya anali atakhala pamwamba pa masipika. Anzake atatu anatuluka ndi mabala, iye anathera pomwepo. Ndimanena masiku onse kuti pamwamba pa katundu sipokhala munthu.

Pa siteji tsiku limenelo panalibe wokwera. A kabaza anagoneka njinga pansi, aliyense foni m'manja, onse akuliza nyimbo ya madzi ija, koma wina ili koyambirira, wina ili kumapeto. Mmodzi wa iwo, Thomson, anamanga kansanza kakuda pa handulo.

"Ine ndinamuona ku Migowi nsambo ya gitala itaduka," anatero Thomson. "Anamaliza nyimbo ndi zotsalazo, akuseka."

"Mudzi wa amayi anga anautchula wachitatu," anatero wina. "Palibe wina anaukumbukapo."

Aliness anavundikira beseni naimbira Dave.

"Wamva?"

"Ndamva, mami."

"Akuika mawa. Tipitire limodzi."

"Ndili ku Limbe ndi nandolo, ndipo lole yafa. Iwenso usapite. Kukadzadza anthu, akuba ndi oledzera omwe. Ulirire pakhomo, ndidzakupukuta misozi Loweruka."

Atangodula, uthenga unalowa: "Usapite, wamva? Ndimakukonda kuposa moyo."

Aliness anaganiza kuti akalira m'malo mwa onse awiri, iye ndi Dave. Lachitatu mbandakucha anavala siketi yakuda, nakwera lole imene achinyamata a ku Jenala anapeza. Ulendo wa ku Chiringa ndi wautali, fumbi lokhalokha, ndipo njira yonse palibe anayankhula mokweza.

Anthu anali atadzadza mpaka m'minda ya chinangwa. Akulu a mpingo ananena kuti pafupi ndi nyumba ya maliro payimbidwe nyimbo za Mulungu zokha. Choncho ovala zakuda aja, mazanamazana, anakhala pansi m'mbali mwa msewu nayamba kuyimba za Eneya motsitsa, popanda gitala, popanda kukuwa. Apo mpamene mawu ake anamveka bwino. Amayi okalamba amene ankathamangitsa adzukulu chifukwa cha nyimbo zomwezo anatchera khutu, ndipo dzina la mudzi wawo litafika anayamba kulira m'Chilomwe.

Aliness analeredwa bwino, sakanatha kungokhala pamaliro manja ali pamiyendo. Anamanga chitenje nalowa m'gulu la amayi otunga madzi. Amene ankagawa ntchito anali a Madalo, mayi wamkulu wa m'mudzimo.

"Iwe wachilendo, uli ndi khosi labwino," anatero a Madalo. "Senza chidebe ichi cha thobwa, tikawapatse okumba. Ayamba kalekale, ndipo pansi pali mwala."

Anayenda amayi anayi mpaka m'mphepete mwa manda, pamene akazi amalekezera. A Madalo anaomba m'manja. Amuna anayamba kutuluka m'mitengo mmodzimmodzi, opanda nsapato, mathalauza opinda. Wachinayi anali ndi khasu paphewa, dothi lofiira mpaka kutsitsi.

Anali Dave.

Mtima wa Aliness unayamba wakondwa. Anaganiza kuti lole yakonzeka, munthu wathamanga kuchokera ku Limbe kudzaika mnzake. Ku Jenala manda amakumba aliyense wamphamvu, ndiye akanaganizanso chiyani?

"Uyo wa malaya ofiirayo ndikumudziwa," ananong'ona. "Koma ndiye ankamukonda Eneya, mpaka kudzamukumbira."

"Kukonda?" anatero a Madalo, akutsukuluza makapu. "Kuno mlendo sagwira khasu la kumanda, mwanawe, ngakhale alire bwanji. Mnzake sakumba, mbale sakumba. Okumba ndi akamwini, amuna amene anakwatira m'mudzi muno. Onse ukuwaonawa ali ndi nyumba kuno."

"Onse?"

"Onse asanu ndi atatu."

"Ndi wa malaya ofiirayo?"

"Bambo a Promise? Ndi amuna a Magret, mlongo wake wa malemu. Chino ndi chaka chachisanu. Chichitikire ngoziyi ali kuno, ndiwonso anakatenga thupi kuchipatala. Mkamwini wabwino, kungoti amayendayenda ndi sikelo. Uwadziwira kuti?"

"Amagula nandolo kwathu."

"Ndiye uwapatse ndiwe, aone kuti makasitomala awo abwera."

Amunawo anandanda. Aliness anagwada pambali pa chidebe monga mwa mwambo, nayamba kutunga. Woyamba anamwa, wachiwiri anamwa, wachitatu anapempha kawiri. Dave ankapukuta nkhope ndi malaya, ndipo anamuzindikira Aliness dzanja lisanafike pa kapu. Anayang'ana a Madalo, nayang'ananso pansi.

"Ali," ananong'ona. "Duwa langa, ndikufotokozera. Usanene kanthu pano."

"Imwani, bambo a Promise," anatero Aliness. "Anzanu akudikira kapu."

Anamwa, thobwa likutsikira m'chibwano, nabwerera m'mitengo.

Aliness sanathawe. Anabweza chidebe, natsuka makapu, nayenda nawo pamdipiti wopita kumanda masana. Patsogolo, kumbuyo kwa bokosi, amayi awiri anagwirizira mayi wina wamng'ono thupi, maso otupa, amene ankangoitana kuti, "Achimwene, achimwene." Ameneyo anali Magret. Akamwini atayamba kukwirira, ovala zakuda aja anayambanso nyimbo ya madzi chapansipansi, ndipo akulu a mpingo anawasiya. Aliness anayimba nawo mpaka mudzi womaliza. Amene anamuona akulira sanadabwe, poti onse ankalira.

Pobwerera pa lole foni inalira kanayi.

"Ndi ukwati wa dzina lokha, mami. Mtima wanga uli ku Jenala."

"Ndinkadikira nthawi yabwino yokuuza."

"Maliro akangotha ndimusiya. Ndikulumbira pa manda a Eneya."

"Loweruka ndibwera ndithu. Usawauze amalume, tisachititse manyazi anthu."

Manyaziwo Aliness anawaganizira njira yonse. Abale a kwa Chiwalo anali atanena kale kuti abwera. Anzake a pa siteji anali atayamba kumutchula kuti mayi a venda. Akanangokhala chete, Loweruka munthu akanabwera ndi mnzake wovala jekete n'kumutcha mbale, ndipo ndani ku Jenala akanadziwa za ku Chiringa? Ambiri amakhala chete pamenepa, atsikana inu, ndipo ndawaona kumene amathera: nyumba imafika pa zenera, mwamuna osaonekanso, mwana ali kumsana.

Lachinayi m'mawa anapeza a Jonasi kuseri kwa khola, akuzula zitsa pa malo a nyumba aja. Anagwada chapatali.

"Amalume, Loweruka musadikire munthu."

"Wadwala?"

"Ayi."

"Mwakangana? Zimenezo zimatha."

"Ndamuona dzulo ku Chiringa, kwa a Makina. Amakumba nawo manda."

A Jonasi anayendapo m'midzi imeneyo ali mnyamata, ndipo mwambo wa okumba manda ankaudziwa. Anaimika khasu, nayang'ana mwana wa mlongo wawo nthawi yaitali.

"Amakumba, kapena anangoima pafupi?"

"Amakumba. Thobwa ndawapatsa ndine."

A Jonasi anapukuta manja pa thalauza.

"Anthu ndiwauza ine," anatero. "Iwe usayankhe aliyense. Kakoleze moto wako."