Matope Osaluma Manja

Khoma linagwa Lachiwiri, nthawi ili 9 koloko m'mawa. Mvula yoyamba ya chaka cha 1998 inali itangokata. Ana a sukulu ya Namphwanya, cha ku Chiringa, anali pansi pa mtengo wa mango pomwe ankaphunzirira, moyang'anana ndi chipinda chatsopano chomwe ankayembekeza kulowamo sabata yotsatira. Kenaka, gumu! Palibe anavulala, koma mudzi wonse unakhamukira komweko.

Pofika masana, a Lingson Makina, mmisiri wokalamba yemwe anamanga chipindacho, anali atawakhazika pansi pakati pa chikhamu. Kapitawo wa ntchitoyo, Rodney Kaliati, wosunga makiyi a mosungira simenti, ankawaloza chala.

"Ndi awa! Ndinkawapatsa simenti m'mawa uliwonse, iwo n'kumakagulitsa!"

"Amangidwe! Akanatiphera ana!" anthu anakuwa.

Sajeni Temwa, wapolisi wachizimayi wochokera ku Rumphi, anafika pa njinga thukuta lili kamukamu. Anatulutsa unyolo.

"Mayi Sajeni," anatero a Makina mofatsa, "musanandimange, wina andibwereke msomali ndi hamala."

Anawapatsa. Mkuluyo anagwada pa mbali ya khoma yomwe inatsala, n'kukhoma msomali m'matope a pakati pa njerwa za m'munsi. Msomali unapindika. Anauwongola, n'kuimirira, n'kuukankha ndi chala chokha m'matope a pamwamba pa zenera. Unalowa wonse ngati mu mbatata yophika.

"Aaa!" chinatero chikhamu.

"Pansipa ndi dzanja langa," anatero a Makina. "Thumba limodzi la simenti, mawilibala atatu a mchenga wa mumtsinje. Titafika pa zenera, malungo anandigoneka m'chipatala masabata awiri. Funsani amene ankasakaniza."

"Simenti ndi yemweyo!" anakalipa Kaliati. "Taonani mtundu wake, wotuwa bwinobwino!"

Apo mayi Fanny, mmodzi wa amayi omwe ankatunga madzi ndi kusenza matope pa ntchitoyo, anadzipanikiza kutsogolo atatambasula manja.

"Bwana, simenti amaluma. Nthawi ya a Makina manja athu ankang'aluka, mchere osaugwira. Atayamba kusakaniza a kapitawo, manja anapola. Ife tinkati atipezera simenti wachifundo!"

Anthu anaseka.

"Ndiponso ankatituma kukatapa phulusa ku uvuni wa njerwa. Ati n'lophera chiswe."

Sajeni Temwa anafikisa matopewo m'manja mwake. Anasanduka fumbi. Tsopano anamvetsa: mchenga wambiri, simenti wongonunkhiza, phulusa lonamizira mtundu.

"Nanga simentiyo ali kuti, a Kaliati?"

"Kafufuzeni kwanga. Mukampeza, mundimange."

Anakafufuza. Sanapeze ngakhale thumba lopanda kanthu. Kaliati anamwetulira n'kuuza anthu kuti mkuluyo anaba simenti asanadwale, iye n'kungomangira zotsala. Ambiri anakhulupirira. Komiti ya sukulu inagamula kuti a Makina asadzagwirenso njerwa m'deralo, ndipo apolisi anawauza kuti asapite kutali.

Lachisanu madzulo, mkuluyo anatulukira ku polisi ali wefuwefu.

"Mayi Sajeni! Kwabwera bambo wina wa ku Kaduya, a Sitima. Akuti chiliza cha mlongo wawo chang'alukang'aluka chisanathe mwezi, ndipo mwambo wochionetsa ndi mawa. Akufuna ndikachimate."

"Ndiye zikutikhudza bwanji?"

"Sindikudziwa. Koma chiliza chatsopano sichimang'aluka popanda chifukwa. Tiyeni tikachione."

Loweruka, 7 koloko m'mawa, anali ku manda a ku Kaduya. Sajeni anavala chitenje ngati wachibale. Chilizacho chinali chachikulu, cha masitepe atatu, koma ming'alu ili yalayala ngati dambo la mu Okutobala. A Makina anakhomapo msomali. Unathothoka n'kugwera uko.

"Apa ndiye simenti wachita kusefukira," ananong'ona. "Akachepa, khoma limafumbutuka. Akachulukitsa, matope amakokana pouma n'kung'aluka. Munthu wogula yekha sangamwaze chonchi."

Anatembenukira kwa a Sitima. "Wamanga ndani, achimwene?"

"Mkamwini wathu!" anayankha monyadira. "Anati apongozi ake sangagonere mchenga ngati amphawi. Anachita kukana kuthiramo wambiri. Simenti wina watsala m'nyumba ya malemuwa, akuti amangira mkazi wake khonde."

"Dzina lake?" anafunsa Sajeni.

"Rodney. Ndi kapitawo wamkulu ku Chiringa uko."

Sajeni ndi a Makina anathamangira kunyumbako. Kuseri kwa matumba a mpunga kunali matumba a simenti, lililonse lili ndi zilembo zofiira zomwe komiti ya sukulu ya Namphwanya inalemba ndi penti.

Nthawi yomweyo belu la njinga linalira panja. Anali Kaliati, atavala suti ya mwambo, kumbuyo atamangirira kireti ya zakumwa. Maso ake anakumana ndi a a Makina. Anatembenuza njinga.

"M'gwireni!" anakuwa Sajeni, akutaya chitenje.

Mabotolo anagwa phwaa! Kaliati anapalasa kulowera kudambo, amayi ophika pa mwambo ali pambuyo ndi zipande. Pa munda wa mpunga gudumu linatitimira. Anadumpha, nsapato imodzi n'kutsala m'thope. Anaponda kawiri, kachitatu anamira mpaka m'mawondo. Sajeni Temwa anamugwira kolala ya suti.

"Apongozi ndinawalonjeza, bwana!" analira.

"Nanga ana a eni munawalonjeza chiyani?" Unyolo unati khwatsa.

A Sitima anangogwira pakamwa. "Mlongo wanga wagonera sukulu ya ana," anatero.

Khoti linagamula kuti Kaliati akakhale kundende zaka zitatu akugwira ntchito yakalavulagaga. Komiti inapita kunyumba kwa a Makina ndi tambala wopepesera.

Lolemba lotsatira mkuluyo anali pa ntchito m'mamawa. Anathira thumba limodzi, mawilibala atatu, madzi pang'onopang'ono. Dzuwa lisanafike pamutu, mayi Fanny anatula chidebe cha matope, n'kuyang'ana zala zawo, n'kukuwa mpaka ana a pansi pa mango anacheuka.

"Waluma! Amayi inu, waluma!"

Nthungululu inamveka mpaka kumsewu.