Ulusi Wofiira M'ndege Yosauluka

Telala anabwera Lolemba, tsiku limene nyumba yosungiramo ndege zakale satsegulira alendo. Anapeza mtsikana wina wogwira ntchito pamenepo ali m'ndege yaitali, ataimirira pamaso pa kabati yagalasi, akuyankhula motsitsa mawu.

Onse pantchitopo ankamutchula kuti Kanambala, chifukwa ntchito yake inali yolemba nambala pa chilichonse cholowa m'nyumbamo: supuni, chipewa cha woyendetsa ndege, ngakhale tikiti yong'ambika. Dzinali anam'patsa ndi a Injiniya, nkhalamba imene inkakonza ndegezi zikadauluka, koma pano inkangozipukuta fumbi n'kumazinyoza mwachikondi.

M'chishedi chachikulucho munali ndege zitatu. Yakale kwambiri inali ya mapulopela anayi, yokhala ndi makatani m'mawindo ngati pabalaza pa munthu. Yachiwiri inali jeti ya m'masiku oyambirira, nthawi imene anthu ankavala suti pokakwera ndege, ndipo pampando uliwonse panali kambale kotayamo phulusa la fodya. Yachitatu, yaitali ija, ndi imene amayi ake a Kanambala anagwiramo ntchito yosamalira apaulendo kwa zaka khumi ndi zinayi. Kampani ya ndegeyo inatha. Amayiwo anadwala n'kumwalira iye akadali pasukulu. Chimene chinatsala ndi jekete yawo yobiriwira, yomwe Kanambala anaipereka yekha, ndipo inavekedwa chidole chopanda mutu m'kabati pafupi ndi khomo la ndege.

M'mawa uliwonse ankaipatsa moni jeketeyo. Musaseke, inu amene amayi anu ali moyo.

"Pepani, ndakusokonezani?" anafunsa mnyamatayo, tepi yoyezera ili m'khosi.

Kanambala anachita manyazi. Anafuna kunama kuti amawerenga nambala, koma mlendoyo anayang'ana jekete ija, n'kuweramitsa mutu pang'ono ngati akulonjera munthu wamkulu.

"Mwadzuka bwanji, amayi," anatero kwa galasilo.

Basi, nkhani inathera pomwepo. Zaka zisanu ndi chimodzi akugwira ntchito pamenepo, panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anawalonjerapo amayi ake. Mtima wa Kanambala unagwa chagada tsiku lomwelo, iye asanadziwe n'komwe kuti mnyamatayu anabwera kudzasoka nsalu za mipando imene inadyedwa ndi njenjete.

Telala anali ndi manja odekha komanso pakamwa pokoma. Anamuonetsa mmene amakalambitsira nsalu yatsopano: kuiviika m'madzi a tiyi, kuiyanika padzuwa masiku angapo, kenako kuikhutiza ndi burashi mpaka itasiya kunyezimira. Ankati mpando watsopano usamakuwe pakati pa anzake akale. Kanambala ankangoti kakasi, kusirira luso lakelo.

Sabata ziwiri zisanathe, "inu" anasanduka "iwe". Foni inayamba kunjenjemera m'thumba nthawi yantchito.

"Kambalame kanga, wadya? Lero singano yandibaya katatu chifukwa choganiza za iwe."

"Ndege izi anazisiya pansi zitakalamba. Ine sindidzakusiya, ngakhale mano atatha m'kamwa."

A Injiniya ankamuona akumwetulira foni, n'kumufunsa ngati masiku ano manambala ayamba kuseketsa. Koma nawonso ankamukonda Telala, chifukwa ankamvetsera nkhani zawo za mainjini osayasamula.

Nthawi yopuma masana awiriwa ankakhala pamipando ya kumbuyo kwa ndege, mawindo akuyang'ana khoma la shedi. Kumeneko ndi kumene Kanambala anakhuthula zonse. Anamuuza mmene ankathamangira panja ali mwana akamva ndege kumwamba, n'kumabayibitsa poganiza kuti amayi akumuona. Anamuuza za kafungo ka mafuta onunkhira kamene kanali kadakali pakolala ya jekete, kamene ankakamva pokhapokha akatsegula kabati kamodzi pa miyezi itatu, atavala magolovesi, a Injiniya ali pambali monga mwa lamulo. Anamuuzanso kuti asanaipereke anaivala kamodzi, ndipo inamukwana ngati anasokera iyeyo.

Kunena zoona, manja a jeketeyo anali aafupi pang'ono, chifukwa amayi anali ndi mikono yaifupi. Koma munthu ukamafotokozera wokondedwa wako, tinthu totere umatisiya.

Panalinso china chimene sanauze aliyense. Mkati mwa jekete, pobisika cha pamtima, panali batani loyera la malaya a sukulu, losokedwa mokhotakhota ndi ulusi wofiira. Analisoka yekha ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, m'mawa wina batani lenileni litathothoka amayi akufulumira. Amayiwo anakana kulisintha mpaka kusiya ntchito. Ankati likawakhudza pachifuwa ali kumwamba, ankadziwa kuti pansi pali munthu amene akuwadikira. Chinsinsi chimenecho chinali cha anthu awiri okha, ndipo mmodzi anali m'manda.

Patatha miyezi iwiri, Telala anamuitanira kushopu kwake, kachipinda kodzaza ndi zidutswa za nsalu ndi fungo la mafuta a makina. Anagwada pakati pa ulusi wogwera pansi.

"Kambalame kanga, ndikufuna ukhale mkazi wanga. Ndipo diresi lako la ukwati sasoka munthu wina. Ndisoka ndi manja angawa."

Kanambala analira, anaseka, anavomera. Ndani akanakana?

Pomwepo anachotsa tepi m'khosi n'kuyamba kumuyeza. Mapewa, msana, chifuwa, m'chiuno, khosi. Anamuuza kuti apinde mkono, n'kuyeza kuchokera paphewa mpaka pamfundo ya dzanja. Kanambala anafunsa moseka ngati diresilo lidzakhale la kolala ndi manja aatali ngati la mayi wa kwaya. Telala anamupsompsona pachipumi n'kunena kuti mkwatibwi saona diresi tsiku lisanafike. Za kutalika kwa diresi kufika kumapazi sanayeze, ndipo mtsikana wathuyo sanazindikire kanthu.

Lolemba lina kunagwa mvula yamkuntho Kanambala ali pamsonkhano kuofesi ya abwana. Telala anasuzumira pakhomo n'kunena kuti zenera la kuchipinda chosungiramo katundu latseguka, mabokosi a zithunzi anyowa. Kanambala anamuponyera makiyi onse osaganiza kawiri. Anawabweza pasanathe ola, malaya atanyowa, ndipo abwana anamuthokoza.

M'mawa mwake, Kanambala anaima pa kabati n'kupereka moni monga mwa masiku onse. Anamva ngati wayankhula m'chipinda chopanda munthu.

Jekete inali pomwepo. Mtundu womwewo, mabatani omwewo, kamapiko kachitsulo pachifuwa. Koma amayi munalibemo. Sakanatha kufotokozera munthu, koma thupi lake linkadziwa. Tsitsi linamuyima, ndipo ndege yonse inazizira ngati mosungira mitembo.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuopa malo amene ankawakonda koposa. Akamadutsa pakati pa mipando yopanda anthu ankamva ngati chidole chija chikumuyang'ana kumsana, chikhalirecho chinalibe mutu. Tsiku lina dzuwa litalowa pazenera, anaona nkhope yake pagalasi itakhala ndendende pamwamba pa kolala, mapewa ake atalowa m'mapewa a jekete, manja ake m'manja mwake. Anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda mpando. Zinali ngati akudziona yekha atamwalira kale, ataikidwa m'kabati kuti anthu azimuonera.

Kodi amayi anakwiya? Kodi anachoka chifukwa iye anapatsa mtima munthu wina? Kodi chikondi chimathamangitsa akufa?

Anamuuza Telala misozi ili m'maso. Iye anamukumbatira n'kumusisita kumsana.

"Amayi aona kuti wapeza wokusamala, ndiye apumula. Usaope, Kambalame kanga. Ndilipo ine."

Anayesetsa kukhulupirira. Koma anayamba kuonda, moni wa m'mawa anausiya, ndipo ankadutsa pa kabati atayang'ana pansi ngati mwana wolakwa. Ngakhale a Injiniya tsiku lina anaima ndi kansalu kawo kopukutira, n'kupendeketsa mutu, n'kufunsa ngati chidolechi chayamba kukula mikono pa ukalamba wake. Anaseka okha. Kanambala sanaseke.

Tsiku lotsegula kabati poona ngati mwalowa njenjete linafika. Anavala magolovesi, a Injiniya anaima pambali, kiyi analowa. Chitseko chagalasi chitatseguka, Kanambala anakoka mpweya kudikira kafungo kaja. Anamva fungo la tiyi.

Anatembenuza kolala. Kansalu ka nambala kanalipo, kolembedwa ndi dzanja lake lomwe. Mtima unatsika pang'ono. Kenako anamasula mabatani limodzilimodzi, n'kupisa dzanja mkati cha pamtima.

Panali batani lobiriwira, losokedwa bwino kwambiri ndi ulusi wobiriwira. Ntchito yaukhondo, ya munthu wodziwa singano.

"Mwana wanga, watani?" anafunsa a Injiniya ataona mmene nkhope yake yasinthira.

Kanambala anangomanganso mabatani aja. Anatseka kabati, anavula magolovesi, n'kutuluka dzuwa lili paliwombo.

Kushopu kuja Telala anamulandira ndi kumwetulira, makina akadalira. Kanambala sanakhale pansi. Anamuuza kuti akufuna kuona diresi lake. Mnyamatayo anayamba za mwambo wa mkwatibwi zija, kenako anati nsalu sinafike, kenako anati ili kwa mnzake wopeta. Ali mkati mopota mabodzawo, maso a Kanambala anagwera pa chitini cha mabatani chimene chinali pafupi ndi makina. Anachitenga n'kuchikhuthulira patebulo.

Mabatani anabalalika, ena kugwera pansi. Pakati pawo panali loyera, laling'ono, ulusi wofiira ukadali m'mabowo mwake, wodulidwa ndi lumo.

Makina anasiya kulira.

"Ili kuti?" anafunsa Kanambala.

Telala anachotsa manja pamakina. Kenako anayankhula akuyang'ana mapazi ake. Anati kunja kuli anthu amene amatolera zovala za makampani a ndege amene anatha, ndipo wina ankafunitsitsa jekete ya kampani imeneyi chifukwa zatsala zochepa padziko lonse. Anati ntchito ya mipando anaifunsira dala. Jekete inachoka masabata asanu apitawo, ndipo ngakhale iye sankadziwa dzina lenileni la wogulayo.

"Nanga batanili?"

"Linali lokhota. Wogula akanadandaula, ndiye ndinalikonza."

Analikonza! Kanambala analiyang'anitsitsa batanilo. Zala zake za zaka zisanu ndi zinayi, m'mawa wa amayi ake, maulendo onse aja a kumwamba, munthu n'kungodula ndi lumo chifukwa n'zokhota!

"Poyamba inali ntchito chabe, ndikuvomera," anatero Telala, akuyesa kumugwira dzanja. "Koma kukukonda sindinaname. Ndikulumbira, Kambalame kanga. Ndi nsalu chabe ija. Ife tili moyo."

"Tsiku lija unagwada, n'kundiyeza mapewa ndi mikono. Unkayeza chiyani?"

Pamenepo pakamwa pokoma paja panauma. Maso ake anathawira pa tepi yoyezera ija.

Kanambala anatola batani lija n'kulifumbata. Sanatukwane, sanamenye chitseko. Foni inayamba kunjenjemera asanafike n'komwe pakona ya msewu, ndipo anaisiya ikunjenjemera choncho m'thumba mpaka kuntchito.

Ankadziwa chimene chinkamudikira. Anayenera kukauza abwana kuti makiyi anapereka ndi iyeyo, ndi dzanja lake, akumwetulira. Mwina ntchito ikanatha. Zimenezo sizinamuwawe kwenikweni. Chinamuwawa n'chakuti masabata asanu onsewo ankaganiza kuti amayi amutaya, chonsecho amayiwo anapindidwa n'kuikidwa m'bokosi, n'kukwezedwa ndege komaliza popanda wowabayibitsa.

Njira yopita kuofesi inkadutsa pa ndege yaitali ija, ndipo miyendo inamukweza masitepe yokha. Anaima pa kabati. Tsopano anaona zonse poyera: mapewa aja anali ake, chiuno chake, mikono yake yaitali. Chinthu chimene chinkamuopsa masiku onsewa sichinali mzimu wa amayi. Chinali chovala chokhacho chimene bwenzi lake linamusokera.

Mayi wina wodzaona ndege, atagwira mwana wake wamkazi padzanja, anaima pambali pake n'kusirira jeketeyo. Anafunsa mwaulemu ngati akudziwa mwini wake.

Zaka zisanu ndi chimodzi Kanambala ankayankha funso limeneli monyadira, ndi mawu omwewomwewo. Lero anayang'ana nkhope yake itakhala pamwamba pa kolala, batani likumubaya m'chikhatho.

"Ndi yanga," anatero. "Anandiyeza ine."

Anatsika masitepe n'kukagogoda pachitseko cha abwana.