Galimoto Yobisidwa Kuseri kwa Tchalitchi

Anakumana pa siteji ya basi mumsewu wa Gratiot, m'mawa wina chisanu chitalusa. Renita ankathamangira ku fakitale komwe amamanga zitseko za magalimoto. Dwight anangoima manja ali m'thumba.

"Achemwali, kuzizira konseku inu mukumwetulira? Tigawireniko kutenthako."

"Mwamuna wa mu Detroit wopanda galimoto ndiye andivutitse ine?" Renita anaseka.

"Ili kwa makaniko, mfumukazi."

Inakhalatu kwa makanikoyo mpaka chikondi chinapsa! Renita sanafunsenso. Ndani angafunse za galimoto pamene foni ikulira m'mawa uliwonse kuti, "Nita wanga, uchi wanga, sindidzakubisira kanthu mpaka imfa"?

Tsiku la mpira waukulu wa pachaka, Renita anatengera Dwight kukaonera pa TV kwa bambo ake, a Otis, omwe anakalambira mufakitale yomweyo. Kampaniyo inali itakonza kanema wotsatsa malonda, ndipo nkhope ya Renita inalimo.

Mpira utaima, kanemayo anayamba. Mbendera, utsi wa fakitale, mawu okhuthala akuti, "Dziko lino linagwa, koma ladzuka." Kenaka Renita uyo, akupukuta thukuta! Nyumba yonse inakuwa. A Otis anagwetsa misozi.

"Boma likanapanda kuitola kampaniyi ndi ndalama zake, bwenzi mwana wangayu akudya chiyani? Si choncho, mkamwini?"

Dwight akanangoti inde, nkhani n'kutha. Koma pakamwa pa mnyamatayu panalibe mlonda.

"Ladzuka dziko la ndani, bambo? Bambo anga ankagulitsa magalimoto omwewa ku Ohio moyo wawo wonse. Boma litapereka ndalamazo, kampani inawatsekera shopu. Misonkho yawo inapulumutsa anthu owataya. Anamwalira ali lova."

"Ndiye tonse tikanafera limodzi? Kusakonda dziko lako kumeneko, mnyamata iwe!"

"Uku si kukonda dziko, ndi ndale. Akufuna mavoti athu."

"Dwight, chonde, lero lokha," Renita ananong'ona.

Dwight anatuluka osatenga ndi jekete lomwe. Renita analinyamula n'kumutsatira. Koma mnyamatayo sanalowere kusiteji. Anakhotera kuseri kwa tchalitchi n'kutsegula galimoto yotuwa ya ku Japan.

Kwathu kuno ku Detroit galimoto yakunja siima pakhomo pa munthu wa mufakitale. Ndi chipongwe choposa kutukwana.

"Makaniko wako uja ndi ameneyu?"

"Tsiku loyamba inalidi kumeneko. Utandiuza komwe umagwira ntchito ndinachita mantha, Nita. Bambo anaigula chifukwa cha mkwiyo, ndipo ndi chokhacho anandisiyira."

"Miyezi yonseyi? Igulitse, ndiiwale."

"Sindingathe."

Renita anaponya jeketelo pansi n'kubwerera akulira.

Masabata anadutsa, foni ili zii. Renita anamusowa koopsa. Kuntchito anzake ankamutcha katswiri wa pa TV, iye n'kumaseka mano okha. Galimoto yotuwa iliyonse ikadutsa, khosi linkatembenuka lokha. Kodi chitsulo n'chosiyirana munthu?

Lamlungu lina masana meseji ya Dwight inalowa: "Kanema uja ndimadana naye, koma ndimamuonera tsiku lililonse. Ndimaimitsa pa nkhope yako. Ndi pokhapo pomwe ndikukuona."

Renita anasuzumira pawindo. Bambo ake ankapukuta galimoto yawo panja. Renita analemba: "Bwera, wokondedwa. Usaibisenso. Uimike pakhomo penipeni, bambo ndithana nawo ndekha."

Anatuluka n'kuwapempha kuti asunthe yawo, papezeke malo. A Otis anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakatenga makiyi.

Yankho linafika malowo atapezeka kale.

"Ndinabwerera ku Ohio sabata yatha, Nita. Mawu amenewa ndinawadikira mpaka ndinatopa."

Renita anakhala pansi pamalo opanda kanthuwo, foni ili pachifuwa, ndipo bambo ake anaima chapatali osadziwa kuti galimoto yawo aibwezere kapena ayi.