Nsapato Zimene Mingze Anaziopa

"Shuka! Kolona, shuka!"

Kondakitala wa matatu, minibasi za ku Nairobi, anakuwa m'Chiswahili kuti "tsika", natambasula mkono pakhomo, kutsekereza mnyamata wa ku China amene anali atakweza kale phazi limodzi. Mnyamatayo, atamva akumutcha dzina la mliri wa kolona, anatsitsa phazi lija. Anangobwerera m'mbuyo n'kuima pa siteji ya Lang'ata atazolika ngati wolakwa.

Tupochile anali atakhala kale pampando wa kuwindo. Mtima unamupweteka. Kodi ameneyu sanalengedwe ndi Mulungu yemweyo? Ananyamuka natsika.

"Madam, unaenda wapi?" kondakitala anakuwa m'Chiswahili.

"Kumene akupita mlendoyu!"

Matatu aja atanyamuka, awiriwo anatsala akuyang'anana pamwamba pa masiki awo.

"Simunayenera kutsika," mnyamatayo anatero m'Chingerezi chapansipansi. "Mwataya ulendo chifukwa cha ine."

"Miyendo ndili nayo. Inu mulibe?"

Anayamba kuyenda. Tupochile anamuuza kuti ndi Mmalawi, amaphunzira za unamwino, ndipo amakhala ndi amalume ake, a Fraser, amene ankagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu. Mnyamatayo anati dzina lake ndi Mingze wa ku Chengdu, ndipo anabwera ku Nairobi kudzaphunzira za nyama zakutchire. Koma sukulu zinali zitatsekedwa chifukwa cha mliri, ndege zinaleka kuuluka, anzake anapita kwawo iye asanaganize bwino.

"Ndimangokhala m'chipinda, makatani ali otseka," anatero. "Tulo sitibwera. Chakudya sichikoma. Lero ndatuluka chifukwa mpunga watha. Mayi akaimba foni ndimawanamiza kuti ndili bwino."

Tupochile anawadziwa matendawo. Anali atawaphunzira kusukulu, nkhawa imene imadya munthu mwakachetechete.

"Mawa m'mawa tikathamange."

"Ine sindithamanga."

"Ndiye mudzayenda. Ndipatseni nambala yanu."

M'mawa mwake foni ya Mingze inalira: "Dzuwa latuluka osapempha chilolezo kwa kolona. Nanunso tulukani! Ndili pageti."

Tsiku loyambalo Mingze anangofika pa mtengo wa magetsi woyamba n'kukhala pansi, akupuma ngati wathawa njati. Tupochile anaseka mpaka misozi.

"Munthu wophunzira za akambuku, kuthamanga kwake n'kumeneku?"

"Akambuku ndimawaonera m'galimoto!"

Aka kanali koyamba kuti Tupochile amumve akuseka.

Mitengo ya magetsi imene ankadutsa inayamba kuchuluka. Posakhalitsa ankafika kumpanda wa nkhalango ya nyama, kumene akadyansonga ankawasuzumira ndi makosi awo ataliatali. Tupochile ankathamanga akuimba nyimbo za kutchalitchi, ndipo Mingze ankamufunsa tanthauzo la mawu ake. Tupochile anamukakamizanso kuimbira foni mlangizi wa kusukulu kwawo.

"Kuthamanga n'kwabwino, pemphero n'labwino," anatero, "koma Mulungu anaikanso anthu odziwa kumvetsera."

Mingze anayamba kugona. Anayamba kudya. Makatani anatsekulidwa! Ndipo penapake m'njiramo, ulemu wa alendo unagwa m'thumba osatoledwanso.

"Wadzuka bwanji, dzuwa langa?" ankalemba choncho m'Chichewa chimene anachiphunzira movutikira.

"Ndadzuka, Ming wanga. Usachedwe, akadyansonga akufunsa za iwe."

Tsiku lina atakhala pamwala akupuma, Mingze anamuyang'ana m'maso. "Tupo, unandipeza ndili m'dzenje. Ndikulonjeza, ngakhale ndege zitayambanso kuuluka, mtima wanga sudzakwera."

Ha! Tupochile anabwerera kunyumba mapazi osagunda pansi.

Koma ndege zinayambadi kuuluka. Mayi a Mingze anamupezera malo, ndipo ankaimba foni akulira kuti mwana wawo mmodzi yekhayo abwerere.

"Ndiye upita?" Tupochile anafunsa.

"Sindinayankhe. Ndikufuna ndidziwe kaye ngati kuno ndikufunika."

Tupochile anafuna kukuwa kuti, "Usapite!" Koma mwana wamkazi woleredwa bwino angayambe bwanji? Anayang'ana pansi, ndipo anaona chala cha Mingze chikusuzumira pa nsapato yobooka. Pomwepo nzeru inamubwerera. Adzamuuza ndi mphatso! Munthu ukamugulira nsapato zothamangira, si ndiye kuti ukufuna uzithamanga naye mpaka kalekale?

Anapita kumsika wa Toi, nafukula milu ya kaunjika, imene ku Nairobi amati mitumba, mpaka anapeza nsapato zabuluu zolimba. Anazichapa, naziyanika, nazipempherera. Pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa Mingze anamupatsa zili zokutidwa bwino.

Mingze anatsekula akumwetulira. Kenaka kumwetulirako kunazima.

"Nsapato?"

"Eya! Ndazisankha ndekha."

"Ili ndilo yankho lako, Tupo?"

"Ndi mtima wanga wonse."

Mingze anazikutanso nsapato zija. "Ndamva. Zikomo pa zonse." Anatembenuka n'kumapita, osathamanga, osacheuka.

M'mawa mwake sanatuluke pageti.

"Ming, uli kuti?" Palibe yankho.

"Wapamtima, ndalakwa chiyani?" Zii.

Tupochile anadzitsekera m'chipinda nalira. Zoona Mingze wanyoza mphatso yake chifukwa ndi ya kaunjika? Kwawoko nsapato zatsopano zimapangidwa ngati mchenga, ndiye iye wamupatsa zovalidwa kale ndi munthu wina! Manyazi anamugwira, kenaka mkwiyo. Malonjezo onse aja anali a pakamwa chabe?

Masiku anapita. A Fraser anaona kuti mphwawo wasiya kuimba, wasiyanso kuthamanga.

"Iwe Tupo, m'nyumba muno mwafa wailesi kodi? Mnzako wa ku China uja ali kuti?"

"Ndi wonyada, amalume. Wakana nsapato zanga chifukwa ndi za kaunjika."

"Wakuuza yekha?"

"Ayi. Wangokhala chete."

A Fraser anaika kapu ya tiyi pansi. "Unandiuza wekha kuti mnyamatayo anadwalapo nkhawa. Munthu wotero akakhala chete, sukhala pansi n'kumaweruza mlandu. Umakagogoda. Unamwino wakowo umathera m'mabuku?"

Tupochile anadzambatuka. Anavala nsapato zake n'kuthamanga kuposa masiku onse, akupemphera m'njira monse: "Ambuye, msungeni!"

Atafika kwa Mingze, makatani anali otseka.

Anagogoda. Anagogodanso. "Ming, sindichoka pano! Ndiyamba kuimba, ndipo anthu onse a m'nyumba zino akudandaulira iweyo!"

Chitseko chinatsekuka. Mingze anali ataonda, maso ali ofiira. Pabedi panali sutikesi yolongedzedwa theka. Nsapato zabuluu zija zinali patebulo, zosavalidwa.

"Ngati ukunyansidwa ndi kaunjika, ungonena!" Tupochile anaphulika. "Ndinazichapa ndi manja angawa!"

"Kaunjika?" Mingze anadabwa. "Malaya ndavalawa ndinagula ku Toi komweko! Tupo, unandiuza kuti ndizipita, ndiye ndikupita."

"Ine? Liti?"

"Kwathu, agogo ndi mayi anandiphunzitsa kuti wokondedwa wako sumupatsa nsapato. Ukampatsa ndiye kuti ukumuuza kuti avale, ayende, achoke pa moyo wako. Ndinakufunsa ngati ndikufunika kuno. Iwe unandipatsa nsapato."

Tupochile anagwira pakamwa. Kenaka anayamba kuseka, misozi ikutsika nthawi yomweyo.

"Mayo ine! Ndinafukula msika wonse kufunafuna chokuthamangitsira?"

"Sunkadziwa?"

"Ndikanadziwa bwanji? Ndine wa ku Chengdu ine?" Anapukuta misozi. "Khala pansi, Ming. Nanenso ndikuuze zimene anandiphunzitsa mayi anga. Yesu anasimba za mnyamata wina amene anapita kudziko lakutali, nakavutika, nakhala yekhayekha wopanda womufunsa ngati wadya. Pobwerera ankaganiza kuti sakufunikanso. Koma bambo ake anamuthamangira. Ukudziwa chimene anamuveka?"

"Chiyani?"

"Nsapato kumapazi, ndi mphete kudzanja. Nsapatozo zinkatanthauza kuti wafika, ndiwe wathu, suchokanso."

Mingze anayang'ana nsapato zija nthawi yaitali.

"Ndiye ukuti ndikhale?"

"Khala! Maliza sukulu yako. Mayi tidzakawaona tonse mliri ukatha. Ndanena ndi pakamwa tsopano, wamva? Usapite!"

Tupochile anakoka makatani, dzuwa linadzaza chipinda. Mingze anavala nsapato zija. Zinamukwana ngati anabadwa nazo! Anatenga foni nalembera mayi ake, kenaka anamumasulira Tupochile uthengawo: "Mayi, sindikwera ndegeyo. Ndili bwino. Ulendo uno ndikunena zoona, ndipo pali munthu amene ndikufuna mumuone."

Atatero anasolola chingwe cha nsapato yake yakale yobooka ija, nagwada.

"Mwa zinthu ziwiri za m'nkhani yako ija, chimodzi wandipatsa. Chinacho ndi ntchito yanga. Lero ndili ndi chingwe chokha, dzuwa langa, koma kodi udzalola kuthamanga nane moyo wonse?"

"Ndalola!" Tupochile anatero, chingwe chikuzungulira chala chake. "Koma nawenso phunzira mwambo wakwathu, tisadzalirenso. Mphete siyamba kufika kwa mtsikana. Nkhani imayambira kwa amalume."

"Amalume ali kuti?"

"Kunyumba, akumwa tiyi."

Mingze anavala masiki ake, namanga zingwe za nsapato zabuluu zija mwamphamvu.

"Ming, dikira! Ukasambe kaye! Upese tsitsi!"

Koma anali atadutsa kale pageti. Ndipo m'mawa umenewo, kwa nthawi yoyamba chikumanireni pa siteji ija, Tupochile ndiye amene anatsalira m'mbuyo.