Manda a Kunja kwa Mpanda

Noreen Trevaskis anakiya chitseko cha positi ofesi yakale nthawi itapitirira 11 koloko usiku. Sanafune kuchedwa chonchi, koma kunali kutatsala masiku anayi okha kuti tauni ya Yarrabie ikondwerere zaka 150, ndipo iye, monga mlembi wa komiti, ndi amene ankayang'anira mayina olemba pa tizitsulo tatsopano toika pamanda.

Mgodi wa mkuwa unatsekedwa kalekale. Sitima inasiya kubwera, ndipo pasukulu panatsala ana asanu ndi anayi. Chimene tauniyo inatsala nacho chokopera anthu chinali mbiri yake basi. N'chifukwa chake komiti inasandutsa positi ofesi kukhala nyumba yosungiramo zakale, inapaka penti mpanda wa manda, n'kugwirizana kuti tchire la kunja kwa mpandawo lisalazidwe kuti alendo aziimikapo magalimoto. Katapila anali atafika kale, akungodikira kuti kuche.

Madzulo amenewo wapampando wa komiti, Lindsay Oates, anali atamufunsa kuti, "Ndikudikire ndikakusiye? Mawondo akowo akakuthera panjira."

"Pita ukagone, nkhalamba iwe," anayankha Noreen. "Msewu umenewu ndinayamba kuuyenda iwe ukadali ndi tsitsi."

Tsopano anali yekha. Nyumba yake inali kumapeto kwa tauni, kudutsa hotela yogumuka, kudutsanso manda. Kunalibe mwezi. Mphepo ya m'chipululu inkawombetsa malata a nyumba zosiyidwa, ndipo fumbi linkamulowa m'mano.

Atafika pamanda, mphepo inaleka. Kunangoti zii.

Kenako kunabwera fungo. Fungo lolemera, la thukuta ndi ubweya. Ngamira. Noreen anaunika ndi tochi yake uku ndi uku. Panalibe nyama iliyonse.

Ngili... ngili... Kabelu kakang'ono, chapafupi ndithu.

Tochi inagwira munthu!

Anali atakhala pansi kutsogolo kwa katapila, atatsamira chitsulo chokankhira dothi. Nkhalamba yowonda, ya ndevu zoyera, itavala nduwira ndi jekete lakutha. Mu Yarrabie aliyense amadziwa mnzake, agalu omwe. Uyu Noreen anali asanamuonepo.

"Bambo, muli bwino? Mwasokera?"

"Mwatha kulemba, mayi?" Mawu ake anali ouma ngati a munthu amene wakhala masiku osamwa madzi.

"Kulemba chiyani?"

"Mayina. Langa mwaliika pati?"

Noreen anamuunika kumaso. "Dzina lanu ndani?"

"Zarif Gul. Madzi aja ndinabwera nawo ndine. Migolo iwiri pa ngamira iliyonse, ulendo wa masiku asanu ndi limodzi. Zitsime zonse zinali zitaphwa. Ana anamwa, abusa anamwa, akavalo omwe anamwa."

"Mumakhala kuti, bambo?"

"Pano."

Anamenya pansi ndi chikhatho. Sipanamveke phokoso. Fumbi silinauluke.

"Zolowa m'kati mwa mpandamo sindikupempha ayi. Ndinazolowera kuno. Koma chitsulo ichi n'cholemera, mayi. Chifuwa changa sichingathe."

Tochi inazima.

Noreen anaigwedeza. Anaimenya pantchafu. Itayaka, kutsogolo kwa katapila kunalibe munthu. Dothi linali losalala, lopanda phazi n'limodzi lomwe.

Ngili...

Kumbuyo kwake! Mpweya wotentha unamuwomba pakhosi, mpweya wa chinyama chachikulu chimene chawerama kuti chinunkhize.

Anathawa. Anagwa. Anadzuka bondo likuchucha magazi. Sanacheuke mpaka anafika kunyumba n'kukhoma chitseko.

Anaimbira foni Lindsay.

"Noreen, waona nthawi? Wamwa chiyani iwe?"

"Umuuze Clive asayatse katapila mawa. Pansi paja pali munthu."

"Pali njoka ndi minga basi. Kagone, tikambirana m'mawa." Anadula.

Noreen anaimbira Clive, woyendetsa katapila uja, katatu konse. Foni inali yothimitsa. Zobwerera kumanda kukamudikira, anaopa. Anakhala pampando magetsi onse akuyaka, akudziuza kuti kukangoyera apita. Koma cha m'ma 4 koloko tulo tinamuba.

Chimene chinamudzutsa chinali kulira kwa injini. Anali ataiwala kuti Clive ankayamba ntchito kusanache, pothawa dzuwa.

Anatuluka wopanda nsapato, akutsimphina, akukuwa dzina la Clive msewu wonse. Asanafike, injini inazima yokha. Anapeza Clive ataima pambali, chipewa chili m'manja. Lindsay anatulukira pambuyo pake atavala zogonera.

M'dothi lofiira limene katapila anakankha munali nthiti za munthu, zitathyokathyoka ngati timitengo touma. Chigaza chinali chitagubuduzika mpaka kukatsamira mpanda wopaka penti yatsopano.

"Pamapu panalibe kanthu apa," Lindsay ankangobwereza. "Ndikulumbira, Noreen, panalibe kanthu."

Noreen anawasiya akuimbira apolisi, n'kulunjika ku positi ofesi. Anatsitsa kaundula wa maliro wa chikuto chachikopa, amene kwa miyezi itatu anakhala akukoperamo mayina. Ankalekezera pamene mayina anathera, chifukwa masamba otsatira anali oyera. Tsiku limenelo anapitiriza kutsegula, tsamba ndi tsamba, mpaka kumapeto.

Patsamba lomaliza panali mizere itatu, inki yake itafiira ndi ukalamba.

"Zarif Gul, woyendetsa ngamira. Anamwalira pa 3 Febuluwale 1903, chaka cha chilala, atangofika ndi madzi. Aikidwe kunja kwa mpanda, pakuti si wachipembedzo chathu."

M'munsi mwake munali siginecha ya woyang'anira manda wa nthawiyo. Noreen sanafunikire magalasi kuti aiwerenge. Anali W. Trevaskis, agogo ake aamuna, amene kachitsulo kawo anakapukuta ndi manja ake dzulo lake n'kukaika pamwamba pa tinzake tonse.