Chilolezo cha Che Wadi

A Ellard Kamtengeni ananyamuka pa boma la Mangochi dzuwa litalowa kale, basi yomaliza ya ku Monkey Bay itawasiya, m'mimba muli mphepo yokhayokha. Tsiku lonse anali atalithera pa benchi ya ku ofesi ya zamaphunziro, kudikira chilolezo choti madyerero a ukwati wa mwana wawo Rosemary adzachitikire m'kalasi, pa sukulu yomwe iwo omwewo anali ahedi. Kalaliki wa pa ofesipo, kamnyamata kamene kanali kasanayambe n'kumeta ndevu komwe, sikanadzutse mutu. Kanangoti, "Abwana atuluka. Mubwere mawa."

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mawu akuti "mubwere mawa" anali awoawo a Kamtengeni, ndipo kuwamva akuchokera m'kamwa mwa wina kunawawawa kwambiri. Pa sukulu ya Mlambeumodzi belu lomaliza likangolira, munthu sankalowa m'kalasi wopanda chilolezo. Ankayamba kusaina ndi wapampando wa komiti ya sukulu, kenako tcheyamani wa chipani, pomaliza ahedi n'kudindapo chidindo, ndipo zikakhala zazikulu ngati ukwati nkhani inkafika mpaka ku boma. Akwaya a Katolika anayesa, anatopa. Amayi a zosokasoka anayesa, anakathera pansi pa mtengo wa mango. Ngakhale mbuzi zikathawira mvula pakhonde la Sitandade 1, ahedi ankaziyang'ana ngati akufuna kuzifunsa mapepala. Makiyi a sukulu yonse ankakhala pa lamba, chidindo ndi inki yake m'thumba la jekete, chokulungidwa m'kampango, ndipo ankapita nacho ngakhale ku tchalitchi.

Koma tisawaseke kwambiri. Zaka zimenezo anthu ochepa chabe akakhala m'chipinda usiku nyale ikuyaka, umenewo unali kale msonkhano, ndipo msonkhano wopanda chilolezo unali ndi dzina lina loipa. Ahedi ena a cha ku Chowe anangolola anthu kuphunzira nyimbo za maliro m'kalasi, Landirova ya apolisi inabwera mbandakucha, ndipo kuyambira pamenepo akazi awo ankagulitsa zitumbuwa okhaokha pamsika. A Kamtengeni analumbira kuti penshoni yawo akaidyera kwawo ku Ntcheu, pakhonde pawo, osati kwina. Mantha awo onse anali Landirova imeneyo.

Lole ina yopita kukatenga usipa inawanyamula mpaka pa Nkopola, pomwe dalaivala anazimitsa injini n'kunena kuti ali ndi mlamu wake pamenepo. Mlamu wa mtundu wanji wochezeredwa usiku ngati umenewo, a Kamtengeni sanafunse. Anangomanga zingwe za nsapato n'kuuyamba wapansi.

Mwezi unali mbee, msewu wonse ngati wawazidwa ufa. Poyamba ulendo unkakoma ndithu. Ankayenda akumutukwana kalaliki uja m'Chingerezi chabwino chimene chinawathawa masana, milambe itangoima m'mbali mwa msewu kuwamvetsera. Nyumba zinayamba kutalikirana. Agalu analeka kuuwa. Kenako anafika pa mitengo ya bwemba, pomwe pali manda a Asilamu a m'mudzimo.

Masana a Kamtengeni ankadutsa pamenepo chifuwa chili patsogolo, pajatu ana a Sitandade 8 ankawaphunzitsa kuti mizukwa ndi umbuli. Usiku umenewu anapeza kuti umbuli nawo uli ndi mfundo zake. Anayamba nyimbo ya m'tchalitchi. Atafika pakati anaisintha n'kuyamba ya chipani, poganiza kuti ngati m'tchiremo mwabisala ayufi a chipani, imeneyo ndiyo ingawapulumutse, ndipo ngati mwabisala zina, palibe nyimbo ingathandize.

Phwa... phwa... phwa...

Anasiya kuimba. Kumbuyo kwawo kunkabwera mapazi. Mapazi opanda nsapato, onyowa, ngati a munthu amene wangovuuka m'madzi. Chonsecho mvula inali isanagwe kwa miyezi, ndipo nyanja inali patali ndithu.

Anaima. Mapazi aja anaima.

Anayenda. Phwa... phwa...

Fungo la usipa wauwisi linawapeza m'mphuno. Tsitsi linayamba kuyendayenda. Anafuna kucheuka, khosi linakana. Anaonjezera liwiro, makiyi akulira pa lamba ngati mbuzi ya belu. Mapazi nawo anaonjezera. Anayandikira... anayandikira... kenako anawapitirira! Anawamva bwinobwino akudutsa cha kumanja kwawo, ndi kamphepo kozizira, koma munthu osaoneka.

Kenako zii.

A Kamtengeni anapukuta thukuta n'kudziuza kuti njala imachititsa zinthu. Kunyumba kunali kutatsala pang'ono, kungodutsa bwalo la mpira la sukulu basi. Atakhota pa mlambe waukulu wa pasukulupo, mtima unadumpha kuposa pa manda paja.

M'kalasi la Sitandade 4 munkayaka nyale!

Anagwira pa lamba. Makiyi onse analipo. Chitseko chimenecho anachikhoma okha dzulo lake, loko n'kumukoka kawiri monga mwa chizolowezi, koma apa chinali yasa. Miyendo inati tiyeni kunyumba. Mutu unati Landirova. Anaima pakati pa bwalo, miyendo ndi mutu zikukangana, mpaka mutu unapambana. Kunena zoona, a Kamtengeni mzukwa ankauopa, koma nyale yopanda chilolezo ankaiopa koposa.

Anasuzumira. Pa desiki ya kutsogolo panakhala bambo wamtali, wa kofiya yoyera, maondo atafika m'chifuwa chifukwa cha kuchepa kwa desikiyo. Manja anali atawapinda mwaulemu ngati mwana wodikira aphunzitsi. Malaya ake anali onyowa, madzi akudontha pansi, tho... tho... tho... Patebulo panali nyale ya asodzi, ija amakopera usipa. Inkawala kwambiri koma osalira, ndipo panalibe kachilombo ngakhale kamodzi kouluka mozungulira.

"Ndinu yani inu? Mwalowa bwanji muno?" Ankafuna kuti mawu atuluke a uhedi, koma anatuluka a Sitandade 1.

"Salamu aleikumu, ahedi," anatero bamboyo, osatembenuka. "Ndine Wadi. Ndabwera."

"Mwabwera kudzatani?"

"Anati ndibwere mawa."

"Anatero ndani?"

"Ahedi."

"Ahedi ndine! Ndinakuuzani liti zimenezo?"

"Dzulo."

A Kamtengeni sanakumbuke, koma sanathenso kukana. Anthu amene anawauzapo kuti abwere mawa anali ambiri, ndipo nkhope zawo sankaziyang'ana.

"Ife asodzi masana timagona," anapitiriza bamboyo, mawu ake akumveka ngati akuchokera pansi pa chitsime. "Kukakhala mdima tili pa nyanja. Koma mwezi ukawala chonchi usipa subwera ku nyale, timangokhala pamtunda. Ndiye timapempha kalasi masiku a mwezi, tiphunzire kulemba maina athu. Chala chatopa ndi inki, ahedi."

Apa uhedi unabwerera pang'ono. A Kamtengeni analowa m'kati, nakhosomola, n'kuyamba kufotokoza ndondomeko yonse kuyambira ku komiti, akuwerenga pa zala. Bamboyo anadikira mpaka amalize.

"Enawo anasaina kale. Chatsala chanu."

"Pepala lake lili kuti?"

"Linanyowa."

Tho... tho... tho... Madzi aja anali atafika pa nsapato za ahedi, ozizira mpaka kulowa m'sokosi. Anayang'ana kukhoma. Chithunzithunzi chawo chinalipo, chachikulu, chikunjenjemera. Cha desiki chinalipo. Cha bamboyo...

Pomwepo kumsewu kunalira wezulo. Kenako nyimbo, ndi mapazi ambiri, ndi matochi. Ayufi! Anyamata a malaya ofiira aja ankabwera cha kusukulu komweko. A Kamtengeni anadziona okha mmene akanaonekera: ahedi, pakati pa usiku, m'kalasi, nyale ikuyaka, ndi munthu wachilendo, popanda ngakhale kapepala. Anaona Landirova. Anaona akazi awo a Esitere atakhala pamsika ndi beseni la zitumbuwa. Anaona Rosemary akukwatiwa bambo ake kulibe.

"Zimitsani nyaleyo, chonde!" ananong'ona.

"Siizima."

"Ndiye tulukani!"

"Ndikubwera mawa?"

"Ayi! Iyayi! Dikirani..." Manja anali kale m'thumba la jekete. Chilolezo chikakhalapo, mlandu palibe. Anamasula kampango, chidindo chikufuna kugwa. "Pepala... pepala lililonse..."

Bamboyo anatambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba. Chinali chotuwa, chamakwinya, ngati cha munthu amene wachapa tsiku lonse.

"Dindani apa."

Wezulo analiranso, pafupi. A Kamtengeni anatseka maso n'kudinda. Phaa! Kuzizira kwake kunakwera m'chidindo, m'dzanja, mpaka m'mano, ngati agwira chambo chogona pansi pa bwato.

Bamboyo anayang'ana chikhatho chake nthawi yaitali. Kenako anatembenuka koyamba, n'kumwetulira mokondwa ngati mwana wolandira yunifolomu yatsopano.

"Sikomo kwejinji, ahedi. Ndipite ndikawauze anzanga."

Nyale inazima. Mdima bii! Palibe desiki inasuntha, palibe phazi linamveka. A Kamtengeni anathamangira kuchitseko, n'kugunda mphumi. Chinali chotseka. Anachikoka, anachikankha. Loko anali kulira kunja, wokhoma bwinobwino monga anamusiyira dzulo!

Za mmene bambo wa mimba yake, wa jekete ndi tayi, anatulukira pa windo la Sitandade 4, palibe akudziwa, ngakhale eni akewo. Chodziwika n'chakuti theka la thalauza linatsala pa msomali, ndipo bwalo la mpira analidutsa pa liwiro loti akanakhala mwana wa sukulu akanamutumiza ku mpikisano wa chigawo. Kunyumba analowa m'bulangete ndi nsapato zomwe. A Esitere atafunsa za chilolezo cha ukwati, anangomva mano akugundana.

Kutacha, dzuwa linabweza nzeru. A Kamtengeni anaganiza kuti mwina anali msodzi wamba woledzera, ngakhale za loko uja zinkakana kulongosoka. Chomwe chinkawadya n'chakuti ayufi aja ayenera kuti anaona kanthu. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, choncho anavala thalauza lina n'kulawirira kwa a Atumani, tcheyamani wa chipani m'mudzimo, kuti akadzinenere okha ena asanawanenere.

Anawapeza pakhonde akumwa tiyi. A Atumani anawapatsa mpando, nawayang'ana pa chotupa cha pamphumi.

"Mwachita bwino kubwera, ahedi. Anyamata anga pochokera kokonzekera magule usiku akuti anaona munthu akutuluka pa windo la sukulu, matako patsogolo. Akuti amafanana ndi inu."

"Nanga nyale? Anaona nyale?"

"Nyale yanji? Akuti munali mdima."

A Kamtengeni anafotokoza zonse, kusiyako za nyimbo ndi za thalauza. Anatsindika kuti munthuyo anali ndi chilolezo, chodindidwa bwino, kungoti pa dzanja. Atatchula dzina, a Atumani anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Wadi wake uti? Wamtali, wa kofiya yoyera, wa mpata kumanoku?"

"Yemweyo! Mukumudziwa? Amakhala kuti, ndikamulembere pepala lenileni?"

"Amakhala pa bwemba paja." A Atumani anapukuta kumaso ndi manja onse awiri. "Amenewo ndi amalume anga, ahedi. Pepala lawolo ndinasaina ndine, ndili tcheyamani watsopano. Analitengera kwa ahedi a ndevu amene inu munawalowa m'malo, n'kuuzidwa kuti abwere mawa. Usiku womwewo analowa m'nyanja, pepala lili m'thumba, mphepo ya mwera inawapeza pakati. Tinawaika kalekale, inu musanalote n'komwe zobwera ku Mangochi kuno."

A Kamtengeni anayang'ana dzanja lawo lamanja ngati si lawo.

"Nanga... anzawo aja anati akukawauza?"

"Khoka la usipa sakoka munthu mmodzi, ahedi. Bwato lonse linapita."

Nkhuku inabwera, inawayang'ana, inapita. Kenako a Kamtengeni anafunsa funso lomwe linawagoneka ndi nsapato.

"Ndiye ku boma... mukanena?"

"Ndikanene chiyani? Komiti inasaina, ine ndinasaina, inu mwadinda. Msonkhano umenewu ndi wovomerezeka kuposa yonse ya m'mudzi muno. Palibe angakugwireni."

A Kamtengeni anapuma mpweya wautali, chimwemwe chikuwakwera mpaka m'maso. Landirova inali itabwerera. Anatsala pang'ono kupempha tiyi.

"Kungoti lamulo mukulidziwa kuposa ine," anapitiriza a Atumani, akutolanso kapu yawo. "Wodinda ndiye amatsegula kalasi, n'kukhala pomwepo mpaka anthu onse atuluke. Mukajomba, pamenepo ndiye ndikanena. Mwezi ukhalapo sabata yonse ino, ndiye mutenge choko chokwanira." Anamwako tiyi, kenako anakumbukira china. "Ndipo polowa muziwafunsa makadi a chipani. Amalume papita nthawi asanagule latsopano."