Mapazi Opanda Zala

Nkhaniyi ndinaimva kwa amayi Dailes Mwanza, amene tinkapemphera nawo ku Kasisi. Ndinawapempha kuti andiuze za ana ndi adzukulu awo, poti ambiri anabalalikira ku Lusaka ndi kumigodi. Anawatchula onse bwinobwino, koma atafika pa mwana wawo woyamba, Tisauke, analeka kutchula maina. Kenako anandiuza izi. Mulungu andithandize ndisawonjezere kanthu.

Dailes analeredwa ndi amalume ake, a Yoramu, amene anachokera ku Fort Jameson pamodzi ndi mlongo wawo Tisauke, mayi wa Dailes. A Yoramu ankaweta ng'ombe ndi kugulitsa mkaka pamsewu wa ku Lusaka. Dailes ali wamng'ono, anadzuka tsiku lina n'kuuzidwa kuti amayi ake amwalira usiku ndipo aikidwa kale. Anamuonetsa mulu wa dothi kumapeto kwa munda, ndipo kuyambira pamenepo ankausesa Loweruka lililonse.

Mu 1956, atakwatiwa ndi Ezron, mlonda wa usiku pa famu ina, Dailes anabereka mtsikana. Pa ubatizo anam'patsa dzina la malemu amayi ake.

Mvula yoyamba itagwa, anapeza mapazi m'matope kuseri kwa nyumba, pansi pa kawindo. Anali a munthu wamkulu, chidendene chikuoneka bwino, koma kutsogolo kunalibe zala ngakhale chimodzi. Usiku wotsatira anamva chinthu chikukwekwereza pang'onopang'ono m'udzu wonyowa, chikuima, chikuyambanso, mpaka chinafika pakhoma n'kuyamba kupuma. Mwana analira. Ndiye kunjako wina anayamba kung'ung'udza nyimbo yotonthozera khanda, yomwe Dailes anaimva komaliza ali pamsana pa amayi ake.

Kuchitsime akazi ankanong'onezana kuti malemu abwera kudzatenga dzina lawo, ndipo akatenga dzina atenganso mwini wake watsopanoyo. Dailes anaitana amalume ake. Iwo anayang'ana mapaziwo, nkhope ili gwa, n'kuwakwirira ndi fosholo.

"Usaponde apa wopanda nsapato," anatero. "Chikabweranso uniitane. Usatsegule, usayankhe."

"Amalume, ni amayi?"

"Amako anafa. Suja umasesa manda awo iwe?"

Kunapita masiku angapo kuli zii. Kenako usiku wina wopanda mwezi, Ezron ali kuntchito, achule atangoleka kulira, kukwekwereza kuja kunabwerera. Nyimbo sinaimbidwe. M'malo mwake panamveka mawu osasa, otsika kwambiri, pafupi ndi kawindo.

"Dailes. Mwana wanga. Usatuluke, ayi. Umukwezeko chabe pawindo, nimuone."

Dailes anafungatira khandalo mpaka linatsamwa ndi kulira. Anayamba pemphero la Atate Athu, mawu n'kumusokonekera.

"Kamodzi chabe, mayi. Namva ati ni Tisauke."

Apo m'pamene anakuwa kuitana amalume ake. Anamva chitseko chawo chikutseguka, unyolo wa agalu ukugwa pansi, ndi mluzu. Agalu anadutsa pakhoma ngati mphepo. Chapatali, cha kudambo, kunamveka kulira kumodzi kwakufupi, kenako mvula inayamba.

Kutacha, Dailes anapeza ndodo pafupi ndi mpanda, chogwirira chake chokulungidwa nsanza zambiri, monga amachitira munthu amene manja ake sagwira bwino. Pa minga ya mpandawo panali magazi. Anatenga ndodoyo n'kupita nayo kukhola, kumene a Yoramu ankakama.

"Taya icho," anatero osatembenuka. "Ukasambe ni sopo. Uzatenga matenda."

"Mzimu uli na matenda, amalume? Mzimu uchoka magazi?"

Mkaka unapitiriza kulira m'chitini. Atatha, a Yoramu analankhula ngati akunena za ng'ombe yodwala. Mlongo wawo anagwidwa ndi khate. Iwo anam'kweza pangolo usiku n'kukam'siya kutali, kumene kunkakhala akhate, atam'lumbiritsa kuti asadzabwerenso.

"Ndani akanagula mkaka wa pa nyumba ya wakhate? Iwe unakula na mkaka umenewo. Ezron akanakukwatira?"

"Munadziwa tsiku lija munaona mapazi."

"Ninadziwa."

"Ndiye munamasula agalu."

A Yoramu ananyamula chitini n'kukachimanga panjinga.

Ezron atabwera anakumba mulu wa manda uja. Pansi pake nthaka inali yolimba, yosakumbidwapo chiyambire. Awiriwo anatsata mapazi opanda zala kudutsa dambo, mwana ali kumsana, Dailes akuitana amayi ake mpaka mawu anatha. Mapaziwo anathera pamtsinje wa Chongwe, madzi atadzaza. Anafunsa m'midzi ya tsidya lino ndi tsidya lija, anafika ndi kwa akhate kuja, koma anangouzidwa kuti mayiyo anachoka atamva za ubatizo kwa munthu wapaulendo, ndipo sanabwerere.

A Yoramu anamwalira ali nkhalamba, ndipo Dailes sanapite kumaliro. Tisauke wamng'ono uja anakula, ali ndi ana ake ku Kitwe. Ndinafunsa amayi Dailes ngati tingapempherere limodzi mzimu wa amayi awo. Anavomera, koma asanagwade anayang'ana pawindo la nyumba yawo, nati:

"Zaka zonse zija ninali kusesa manda opanda munthu. Pamene amayi ali, palibe wosesa. Ndipo mwana anali m'manja mwanga, windo ili apa. Kunali kumukweza chabe."